Mtengo wa Phazi Limodzi

4 Meyi

Okondedwa a Manijala,

Moni kuchokera kunyumba kwanu kuno. Ndikhulupirira munafika bwino. Amayi mwawapeza bwanji? Mundiuze mmene zililidi, osati zongondilimbitsa mtima. Ine ndili bwino. Makina nawonso ali bwino, kungoti paipi yayambanso kudontha polumikizira paja, ndamangapo mphira.

A Dalaivala a basi ya kwanuko avomera kumatinyamulira makalata, poti foni kumeneko imagwira ikakonda. Ati sandilipiritsa, bola ndidzawatsukire pakhomo pawo kamodzi. Mwaonatu, mwangochoka kumene ine ndayamba kale kugwira zaulere.

Nkhani yanga ndi iyi. Chiyambireni ntchito yathu yotsuka mabwalo a njerwa ndi njira za galimoto m'makomo mwa anthu, mbali yanga yakhala kugwira mfuti ya madzi, yanu kukamba mtengo. Inu mukamakambirana ndi mwini nyumba, ine ndimakhala kuseri kwa ngolo ndikumasula mapaipi, mwadala, kuti ndisamve. Lachiwiri ndinaitanidwa kunyumba ina ya geti yobiriwira. Bambo wake anandionetsa bwalo lonse, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye zingati, akulu?" Ndinayang'ana nsapato zanga, ndinayang'ana galu wawo, mapeto ake ndinati, "Mungoona nokha, bwana." Anaonadi okha. Zimene anandipatsa zinakwana petulo ndi buledi.

Chonde mundilembere ndondomeko yonse mmene mumachitira, ndiitsatira ngati mankhwala a kuchipatala. Sindikufuna kuti muzikhala kumeneko mtima uli kuno. Munapita kukadwazika amayi, ndiye dwazikani amayi.

Ndine mwamuna wanu, amene apongozi amati Mlongoti.


9 Meyi

Bambo,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino. Mwafunsa zoona, ndiye nazi. Miyendo ya amayi yatupa ndipo sakutha kuima okha. Adokotala akuti mtima ndi umene watopa. Koma manja ndi pakamwa sizinadwale. Tsiku lonse amaluka zipewa, uku akundiuza kuti bedi ndimayala molakwika. Achimwene amadzera kuno akaweruka kufakitale, koma kusambitsa, kutembenuza ndi kudyetsa ndi ntchito yanga.

Tsopano za mtengo. Mukafika pakhomo musayambe ndi kuyang'ana nyumba kapena galimoto. Mtengo suli pamenepo, uli pansi. Yendani kuchokera pageti mpaka pamene njerwa zathera, mukuwerenga mapazi. Kenako yendani chopingasa, muwerengenso. Chulukitsani ziwirizo, ndiye zimene mwapeza muchulukitse ndi mtengo wa phazi limodzi, uja ndinalemba ndi penti mkati mwa chivundikiro cha bokosi la zipangizo. Mtengo umenewo sindinaulote. Muli petulo, sopo, kutha kwa makina, lendi ndi msana wanu.

Pamene pali mitengo pamakhala ndere, ndipo ndere zimadya nthawi, choncho muwonjezerepo. Madontho a oyilo muwatchule paokha, ndipo musalonjeze kuti atheratu; muziti achepa. Mchenga musaiwale. Inu mukudziwa kuposa ine kuti mfuti imaukokolola m'mipata ya njerwa, ndipo tikapanda kubwezeretsa, njerwa zimayamba kugwedera n'kumatinenera ife. Mchengawo ndi wa mwini nyumba, muwerengere matumba ake padera. Ngati bwalo ndi lonyowa musatchule mtengo, chifukwa njerwa yonyowa imabisa oyilo. Mukabwerenso pakauma.

Chomaliza ndi chovuta kwa inu. Mukatchula mtengo, tsekani pakamwa. Musaseke, musapepese, musafunse ngati wakwera. Amene amayamba kulankhula pamenepo ndi amene amagonja.

Ndinawawerengera amayi za galu ndi nsapato zija. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndikuuzeni kuti munthu wamtali chonchi sayenera kumaopa anthu amene amawaona pamutu.

Mukapeza kangachepe mutumize, matewera a akuluakulu ndi odula kuno.

Ndine mkazi wanu.


24 Meyi

Okondedwa a Manijala,

Muli bwanji, nanga amayi? Apatseni moni, muwauze kuti ndayamba kuwayang'ana anthu pamutu.

Ndondomeko yanu ikugwira ntchito ngati makina atsopano. Ndimayenda m'litali, ndimayenda chopingasa, ndimawerengetsa pa foni, ndimatchula, n'kutseka pakamwa. Tsiku loyamba ndinachita kuluma lilime, koma sizinafunike. Mayi wake anangoti, "Basi? Mungayambe liti?" Wachiwiri anali mwini golosale, munthu amene amanenerera ngakhale mtengo wa machesi, koma anavomera ndisanamalize n'komwe kutchula. Wina anandipatsa tiyi ndi mazira. Kunena zoona sindikumvetsa chifukwa chimene inu munkatha theka la ola mukulimbana ndi anthu pageti. Mwina nkhope yanga ndi ya malonda, tinangochedwa kuiona.

Ntchito yachuluka moti ndikumadzuka kusanache bwinobwino. Manja akumanjenjemera ndikamadya chifukwa cha kugwira mfuti tsiku lonse. Paipi ija ndasintha.

Ndatumiza kangachepe mu envelopu. N'zochepa kuposa mmene ndimafunira. Petulo akupita wambiri, mwina chifukwa cha kuchuluka kwa ntchitoku. Mwezi wamawa zikhala bwino.

A Dalaivala ndinawatsukira. Pakhomo pawo pali oyilo wa basi yonse. Ndinawauza kuti achepa, sindinalonjeze kuti atheratu.

Ndine wanu, Mlongoti.


1 Juni

Bambo,

Moni. Amayi sabata ino sanadye bwino, ndipo kupuma kukumawavuta akagona chagada, ndiye ndimawatsamiritsa pa mapilo. Envelopu ndalandira, zikomo.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo sinandisangalatse. Pa ntchito yathuyi, munthu akavomera mtengo osadandaula, ndiye kuti wamupatsa mphatso. Mmodzi akhoza kuvomera chifukwa ali pachangu. Koma onse? Mpaka mwini golosale? Ndiponso ntchito ikachuluka, zotsala m'thumba zimayenera kuchuluka. Petulo ali kale mu mtengo wa phazi, sangadye phindu.

Ndikufunsani mosapsatira, chifukwa ndimakudziwani. Kodi zimene foni ikukupatsani ndi zimene mukutchula? Kapena mukamatsegula pakamwa mtima ukumadulako kaye? Mukumbuke agogo a pakona aja, amene ndinawauza mtengo, inu n'kubwerera madzulo kukawabwezera theka. Sindinakukalipireni, anali agogo amodzi. Koma tauni yonse singakhale agogo anu.

Mundiyankhe zenizeni. Ndipo lendi mwalipira?

Ndine mkazi wanu.


15 Juni

A Manijala,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafika kunyumba nditatheratu, komanso chifukwa sindimadziwa kuti ndiyankhe bwanji.

Sindinadulepo kalikonse. Zimene foni yanena ndi zimene ndikutchula. Ndere ndikuwonjezera, oyilo ndikutchula payekha, mchenga ndikuwerengera. Tsiku lina kunagwa mvula, ndinabwerera osatchula mtengo monga munanenera, ndinawononga tsiku lonse. Za agogo aja zinachitika kalekale. Ndimayesa zinatha.

Lachinayi ndinaitanidwa kwa adokotala a mano, kuja tinatsuka limodzi chaka chatha, kwa njerwa zofiira zokhotakhota. Nditatchula mtengo, akazi awo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitana amuna awo kuti, "Bwerani mudzaone munthu woopa Mulungu. Zinthu zonse zikukwera, iye yekha akutsitsa." Ndinafunsa kuti ndatsitsa bwanji. Anati chaka chatha analipira zambiri ndithu kuposa pamenepa, kenako anandinong'oneza kuti, "Akazi anu aja anali ouma mtima, musawauze." Pofika madzulo anali atauza msewu wonse. Panopa nyumba za mumsewu umenewo zikundidikira pamzere.

Ndiye inenso ndili ndi funso, musakwiye nalo. Kodi pali china chimene munkawonjezera ndi pakamwa, chimene simunachilembe? Ngati chilipo ndiuzeni, sindikuweruzani.

Lendi sindinamalize. A landilodi anabwera Lamlungu, anakhala pampando wanu uja, anayang'ana makina nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndi olemera kunyamula. Ndinawapatsa zimene zinalipo. N'chifukwa chake envelopu ilibe kanthu ulendo uno. Pepani.

Ndikugwira ntchito kuposa chaka china chilichonse, ndipo sindikudziwa kumene ikupita.

Mwamuna wanu.


21 Juni

Bambo,

Moni. Amayi ali chimodzimodzi.

Sindinaberepo munthu. Adokotala a mano ndinawayeza ndi ndondomeko yomweyo imene ndinakulemberani, osawonjezera kanthu. Bwalo lawo silinafote ndi mvula. Ngati ndondomeko ndi imodzi, bwalo ndi lomwelo, koma mtengo watsika, chasintha ndi munthu wotchula. Sindikuti mukunama. Ndikuti mwina simukudziona mukamachita.

Ndaganiza mofatsa. Tikataya nyumba ndi makina, tilibe poyambira, ndipo matewera ndi mankhwala a amayi amachokera m'makina omwewo. Ndibwera kumapeto kwa mwezi uno. Ndidzakonza mitengo, ndidzalankhula ndi a landilodi, ndiye ndidzaona ngati ndingabwererenso kuno. Pali mayi wina woyandikana nafe amene angamabwere masana. Si mmene ndimafunira, ndipo amayi salola kuti munthu wachilendo awasambitse, koma sindikuona njira ina.

Nyumba za mumsewu wa adokotala musayambe kuzitchulira mitengo. Mundidikire.

Mkazi wanu.


24 Juni

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Ine si wa makalata, ndiye ndingonena.

Mlongo wanga walongeza chikwama, chili pakhomo la kuchipinda. Sanawauze amayi, koma amayi ali ndi maso. Dzulo anandifunsa kuti, "Chikwamacho chikupita kuti?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Kunama unayamba uli wamng'ono, ndipo mpaka pano sunakuphunzire."

Lolemba tinawatengera kuchipatala. Adokotala anandiitanira pambali. Anati tisamawerengere za chaka chamawa, mwinanso za miyezi. Mlongo wanga anamva, koma akuchita ngati sanamve. Mukumudziwa, iye chinthu chikamupweteka amayamba kuchapa makatani.

Ine za mabwalo anu sindikuzidziwa, ndipo sindikuti wolakwa ndani. Ndikungoti akakwera basi imeneyo, n'kutheka kuti sadzawapezanso. Ndipo akapanda kuwapeza, mudzakhala naye inuyo moyo wonse, ine ndidzangomuona pa maholide. Ndikanakhala ndi ndalama ndikanakulipirirani lendiyo, koma kufakitale atidula maola.

Chitanipo kanthu, alamu. Musamuuze kuti ndalemba.

Mlamu wanu.


27 Juni

Okondedwa a Manijala,

Moni kwa inu, ndipo amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Musabwere. Ndalemba zimenezi poyamba kuti ngakhale mukwiye n'kusiya kuwerenga, mukhale mutaziona.

Mwina mukunena zoona kuti vuto ndine. Ndafufuza ndipo sindikulipeza, koma munthu sadziona kumsana. Ngati ntchitoyi singayende popanda inu, ndiye iime. Pali mnyamata wina wotsuka magalimoto pasiteji amene wakhala akuwasirira makina athu. Abwera Loweruka likubwerali kudzawaona. Ndikagulitsa ndimaliza lendi, zotsala nditumiza kumeneko. Kukampani ya alonda akufuna anthu, ndipo ananditenga atangondiona pakhomo. Ati munthu ngati ine safunika tochi, amaonera pamwamba pa mpanda.

Ndikudziwa kuti makinawa tinawavutikira limodzi. Ndikukumbuka mmene tinawakokera pangolo tsiku loyamba, inu mukuuza aliyense panjira kuti ndi kampani. Koma makina amagulidwanso.

Masulani chikwamacho. Musafunse kuti ndadziwa bwanji za chikwama.

Ndine mwamuna wanu.


28 Juni

Bambo anga,

Moni. Musayankhe kalata yanga yapitayi, ndipo ngati n'kotheka muiwotche. Pamodzi ndi kalata ino pali phukusi. Werengani kaye musanalitsegule.

Dzulo masana ndinali kuyendayenda m'chipinda cha amayi, kuchokera pawindo kupita pachitseko n'kubwereranso, ndikuganiza za adokotala a mano. Amayi anaika zoluka zawo pansi.

"Ukundizunguza mutu," anatero. "Khala pansi."

Ndinati ndikuganiza.

"Ukuganiza ndi miyendo? Timiyendo takoto tafupika kale, utitha. Chipinda chino Mlongoti amangoponya mwendo kawiri n'kugunda khoma. Iwe ukuchita ngati ulendo wa kumsika."

Kenako anapitiriza. Anati tsiku la ukwati wathu anthu ankalira, iwo ankaseka, chifukwa potuluka inu munkayenda koma ine ndinkathamanga, diresi nditaligwira m'manja.

Bambo, ndinaima pakati pa chipinda ngati wamenyedwa mbama. Mtengo umene uli pa chivundikiro ndi wa phazi langa. Ndinauwerengera pa miyendo yanga, chifukwa woyenda ndinali ine nthawi zonse. Ndinakuuzani kuti muziwerenga mapazi, osakuuzani kuti a ndani.

Sindinafune kukhulupirira ndisanayese. Achimwene atabwera ndinawayendetsa panja, kuchokera pachitseko mpaka pampanda, kenako ndinayenda ine. Iwo akaponda kanayi, ine ndimaponda kasanu, chonsecho achimwene amakulekezani m'khutu. Ndiye taonani: mumataya m'litali, mumatayanso chopingasa, ndipo ziwirizo zimachulukitsana. Bwalo lililonse limene mwayeza chichokereni ine lakhala likuchepa ndi gawo limodzi mwa atatu, kapena kuposa. Phindu lathu lonse limakhala m'gawo limenelo. Munatsatira ndondomeko yanga bwinobwino, ndipo ndi imene imakudyerani.

Ndinakunenani kuti mtima ukudula mtengo. Yankho limenelo ndinali nalo kale m'thumba, ndiye sindinafunefune lina. Ndinalakwa, pepani.

Achimwene anati mungogula tepi yoyezera. Koma tikatero ndiye kuwerengeranso mitengo yonse, ndipo mutu umenewo ndilibe pakali pano. Tinamasula chingwe choyanikira zovala. Ndinanyowetsa mapazi m'beseni n'kuyenda pakhonde la simenti mmene ndimayendera pantchito, achimwene n'kumaika chizindikiro pa chingwe potsatira zidindo za mapazi. Mfundo, imodzi pa phazi lililonse, anamanga ndi amayi. Ndinati ndimanga ndekha, anandilanda. "Manja anga sanagonekedwe m'chipatala," anatero. Anamanga mpaka dzuwa kulowa, akupumira pakati, ndipo mfundo iliyonse ankaikoka ndi mano. Akuti ikamasuka imodzi mubweze katundu yense.

Chingwecho chili m'phukusimo. Mukafika pabwalo, chiyaleni, werengani mfundo, miyendo yanu muisiye panja pa nkhani. Amene munagwirizana nawo kale mtengo, muwatsukire pa mtengo womwewo, mawu ndi mawu. Atsopano onse, chingwe.

Sindibwera. Amayi anandiuza okha kuti ndichotse chikwama pakhomo, chikutchinga mphepo.

Ndine mkazi wanu.


3 Julayi

Bambo,

Kalata yanu ya makina yangondipeza lero. Yabwera ndi kondakitala wa basi ina, amene akuti basi ya a Dalaivala inafera panjira ndipo ili kugalaja. Ndiye phukusi langa lili kuti? Ndakwera kumtunda kwa sukulu kukaimba foni, yanu sikupezeka.

Musagulitse. Vuto lapezeka, ndipo si inu. Ngati mwagulitsa kale, mutsatireni mnyamatayo mumubwezere ndalama zake, muwonjezerepo ngati angafune. Mukalephera, palibe mlandu, koma mundiuze msanga.

Amayi akufunsa m'mawa uliwonse ngati chingwe chafika.

Mkazi wanu.


11 Julayi

Okondedwa a Manijala,

Moni. Makina alipo. Ndayambanso ndi chachikulu kuti mupume. Foni inagwera m'ngalande ndikutsuka, ili kwa okonza.

Sikuti ndinachenjera ayi. Loweruka mnyamata uja anabweradi, ndalama zili m'sokosi. Anawaliza makina, anayesa mfuti pakhoma, anagogoda thanki. Kenako anati, "Ndiye zingati, madala?" Makina alibe m'litali, alibe chopingasa, panalibe poyenda. Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinatsala pang'ono kunena kuti angoona yekha, koma ndinakumbukira nkhope yanu, ndiye ndinati, "Ndifunse kaye a Manijala." Anati, "Manijala wake uti? Kampani yake ndi ngolo iyi?" Anaseka mpaka pageti, n'kunena kuti abweranso sabata yamawa. Matenda anga omwe aja ndi amene apulumutsa makina.

Lachiwiri a Dalaivala anafika wapansi, phukusi lili kukhwapa, lonse oyilo. Makalata anu awiri, ya phukusi ndi ina imene anailandira kwa kondakitala uja, ndinawerenga nthawi imodzi, nditakhala pa bokosi la zipangizo. Kenako ndinatsegula chivundikiro n'kuyang'ana mtengo uja. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuona, osadziwa kuti si wanga.

Zopepesa zisiyeni. Inenso ndinakufunsani ngati munkabera anthu.

Chingwe ndinakayamba nacho mumsewu wa adokotala a mano, kwa bambo wina wopuma pantchito amene amakhala pakhonde ndi nyuzi tsiku lonse. Ndinachiyala, ndinawerenga mfundo, ndinatchula, ndinatseka pakamwa. Anavula magalasi.

"Akulu, anzanga aja munawachitira zotchipa. Ine ndakulakwirani chiyani?"

Ndinati, "Anzanuwo ndinawayeza ndi miyendo yolakwika, bwana."

"Ndiye ndiyezeni ndi yolakwikayo."

"Inapuma pantchito, ngati inuyo."

Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pamutu pawo. Pali dazi. Tinakhala chete mpaka ndinamva wailesi ya nyumba yachitatu. Mapeto ake anati ndichotseko pang'ono pa mchenga, poti ali nawo wina kuseri. Ndinavomera, ndipo anadandaula mpaka ndikumasula mapaipi. A Manijala, sindinadziwe kuti kudandaula kwa kasitomala kumakoma chonchi. Nyumba ina inakana, mayi wake anati mkazi wanga wandiwononga. Zina zavomera. A landilodi ndawapatsako, ndipo ulendo uno sanayang'ane makina. Kwa alonda ndakawauza kuti afune tochi. Mu envelopu muli za matewera.

Pali china. Nditamaliza kwa bambo a dazi aja, chingwe chikadali pansi, ndinati ndiyese kuyenda ndikuponda mfundo iliyonse. Ndinalephera. Mwendo umangopitirira wokha. Nditaukakamiza ndinatsala pang'ono kugwa, ndipo wantchito wa m'munda anafunsa ngati nsapato zikundithina. Ndiye ndinayenda mmene ndimayendera masiku onse, ndikuyang'ana mfundo zimene ndikuzilumpha. N'zambiri. Kuchokera kusiteji kupita kunyumba, kumsika, kutchalitchi, kukoka ngolo kukwera mtunda uja, zaka zonsezi inu mumathamanga, ndipo simunanenepo. Ine ndimayesa tikuyenda limodzi.

Auzeni amayi kuti chingwe chafika ndipo katundu sabwezedwa. Ndayesa mfundo zonse ndi manja awiri, palibe yomasuka. Pa zina pakuoneka mano awo.

Khalani kumeneko mpaka pamene pafunikire. Musawerenge masiku. Ine madzulo aliwonse ndikumayala chingwe pabwalo lathu n'kumayeserera, ana a a landilodi akundiseka pawindo. Podzakuchingamirani kusiteji ndidzakhala nditaphunzira.

Ndine mwamuna wanu, Mlongoti.